Kuphunzira Mbiri ku Yunivesite ndi Kafukufuku wa Chaka Chomaliza

Mwana wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso a MSCE amakhala ataloweza kale nkhani ya John Chilembwe. Anaukira boma la atsamunda usiku wa pa 23 Januwale 1915. Zifukwa zake ndi thangata, msonkho, nkhanza za pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ndiponso kutengedwa kwa anthu akuda kuti akafere pa nkhondo ya azungu. Akandandalika mfundozi bwinobwino, wochonga amampatsa malikisi ake, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mwana yemweyo akasankhidwa kupita ku yunivesite n'kutenga phunziro la mbiri yakale, sabata zoyambirira zomwe amakumana ndi funso limene ku sekondale silinkamveka kawirikawiri: zimenezi wazidziwa bwanji? Akayankha kuti zili m'buku, amamufunsanso kuti nanga wolemba bukulo anazitenga kuti.

Funsoli likagwera pa Chilembwe, zinthu zimayamba kuvuta. Mwini wakeyo sanasiye zolemba zambiri. Alipo makalata angapo, kuphatikizapo ija analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula za nkhondo. Anawomberedwa pa 3 Febuluwale 1915 cha ku Mulanje asanaimirire pabwalo lililonse la milandu, choncho palibe pamene anafotokoza ndi pakamwa pake chimene ankalinga. Otsatira ake amene anagwidwa anayankhula ali m'manja mwa boma, imfa ili pakhomo, ndipo munthu wotero amasankha mawu oti amupulumutse. Bungwe lofufuza limene boma linakhazikitsa chaka chomwecho linamva mboni zambiri, koma aliyense anabwera ndi chake choteteza. Azungu a m'maesiteti ankaloza chala sukulu za mishoni kuti ndizo zikusokoneza anthu mitu. Amishoni, monga Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, ankatchinjiriza sukulu zawo n'kumaloza mmene azungu ena ankanyozera anthu akuda ophunzira.

Ndiye pali George Simeon Mwase, kalaliki wa boma amene anamangidwa mu 1931 pa mlandu wa ndalama. Ali m'ndende ku Zomba anacheza ndi Wallace Kampingo, mmodzi mwa amene anachita nawo zoukirazo, ndipo analemba nkhani yaitali ya Chilembwe imene inadzasindikizidwa mu 1967. Zambiri zimene anthu amakonda kubwereza, zoti Chilembwe ankadziwa kuti afa koma anafuna kuti imfa yake itsegule azungu maso, zimachokera kwa Mwase. Komatu Mwase pa nthawi ya zoukirazo kunalibeko. Analemba patapita zaka zoposa 15, kuchokera pa zomwe anamva, ali ndi zakezake zofuna kuuza boma limene linam'tsekera. Kodi tim'taye? Ayi, chifukwa popanda iye mawu a anthu a Chilembwe angachepe kwambiri. Tim'khulupirire chilichonse? Ayinso. Wophunzira amayenera kumuika pambali pa mboni zina, kuona pamene akugwirizana, pamene akusemphana, ndi chimene chingachititse kusemphanako. Zaka zinayi za digiri ya mbiri zimathera pa kuzolowera ntchito imeneyi.

Zaka zoyambirira zimayenda mwachangu ndipo zimakhudza zambiri: mbiri ya Africa, ya Ulaya, malonda a akapolo, utsamunda, nkhondo ziwiri zapadziko lonse. Wophunzira amawerenga zomwe akatswiri analemba, n'kudabwa kupeza kuti akatswiriwo sagwirizana, ndipo ena amakanganirana nkhani imodzi moyo wawo wonse. Kenako amaphunzira njira zofufuzira. Chaka chomaliza ndi pamene amamusiya yekha. Amasankha mutu, amapatsidwa mphunzitsi mmodzi womuyang'anira, n'kuuzidwa kuti pakutha pa chaka abweretse chinthu chimene sichili m'buku lililonse.

Kachitidwe aka kali m'mayiko ambiri, kungosiyana makonzedwe. Ku Scotland digiri imatenga zaka zinayi, ziwiri zomalizazo ndizo za honours, ndipo wophunzira mbiri amalemba kafukufuku wa mawu pafupifupi 10,000 kapena kupitirirako pang'ono. Ku South Africa munthu amayamba wamaliza digiri ya zaka zitatu, ndipo akakhoza bwino amawonjezera chaka chapadera cha honours. Ku America makoleji ambiri amalola okhawo amene malikisi awo ali pamwamba kulemba kafukufuku wotere m'chaka chawo chomaliza, ndipo m'malo ena amakamuteteza pamaso pa aphunzitsi awiri kapena atatu. Kumeneko cholinga chachikulu ndi kumunola wophunzirayo. Sikawirikawiri mwana wa zaka 21 kupeza chatsopano pa mfumu ya ku England imene anthu ailembapo kwa zaka mazanamazana. Kuno kwathu nkhani inakhala ina. Ntchito ya ophunzira inathandiza kumanga mbiri ya dziko lenilenilo.

Chifukwa choyamba ndi moto. Mu 1919 likulu la maofesi a boma ku Zomba linapsa, ndipo mafayilo ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda, kuyambira 1891, anathera momwemo. Zotsala zili balalabalala. Makalata a pakati pa bwanamkubwa ndi London ali ku Kew, ku England. Zambiri za mishoni za Livingstonia ndi Blantyre zili ku Edinburgh. Za ansembe a White Fathers, amene anakhazikika ku Mua, zili ku Rome ndipo zambiri n'zachifalansa. Za mishoni ya Nkhoma zina zili ku South Africa m'Chiafrikaans. Ukafuna za ufumu wa Maravi uyenera kudutsira kwa Apwitikizi, monga Gaspar Bocarro amene anayenda kuchoka ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616. Wophunzira wa ku Zomba sakanakwanitsa kupita konseko. Chimene anali nacho, chimene pulofesa wa ku London analibe, chinali chilankhulo ndi agogo ake.

Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, n'kuyamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Koleji yake ya Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Pa nthawiyo mbiri ya dziko lino imene inali m'mabuku inali makamaka ya David Livingstone, Harry Johnston ndi amishoni. Eni dziko anali atalembako ndithu. Yohanna Abdallah analemba za Ayao mu 1919, Yesaya Chibambo za Angoni, Samuel Nthara za Achewa. Koma mipata inali yaikulu. Aphunzitsi a mbiri a zaka zoyambirirazo, motsogozedwa ndi Bridglal Pachai wochokera ku South Africa, anayamba kutumiza ophunzira a chaka chomaliza kumidzi kwawo pa tchuthi kuti akafunse akuluakulu. Wina ankabwera ndi mbiri ya ufumu wa kwawo, wina ya sukulu yoyamba m'dera lake, wina ya ulimi wa thonje kapena ya mpingo umene unachoka mu unzake. Zolembazo ankazitayipa, n'kuzigawa kwa anzawo ndi aphunzitsi, kenako n'kuzikambirana pa semina. Tsegulani mabuku akuluakulu a mbiri ya Malawi, monga lija John McCracken anatulutsa mu 2012, muyang'ane timawu ta m'munsi tosonyeza kumene mfundo zachokera, mupezamo mapepala a ophunzira a ku Chancellor College. Ena mwa amene anadutsa pa yunivesiteyi zaka zimenezo anadzakhala akatswiri otchuka: Owen Kalinga pa mbiri ya Angonde a ku Karonga, Kings Phiri pa mbiri ya Achewa a m'chigawo chapakati.

Sikuti zonse zinkafufuzika. Lamulo lounika mabuku ndi zosangalatsa la 1968 linapatsa boma mphamvu yoletsa buku lililonse, ndipo mbiri ya moyo wa Kamuzu Banda imene Philip Short analemba mu 1974 inali yosaloledwa m'dziko muno. Pambuyo pa mkangano wa nduna wa mu Seputembala 1964, mayina a Henry Chipembere, Kanyama Chiume ndi anzawo anasanduka osatchulika, pamene popanda anthu amenewa nkhani ya kumenyera ufulu siimveka. Wophunzira wanzeru ankathawira kutali, ku zaka za 1700 kapena 1800, kumene kunalibe wa chipani womumvetsera. N'zoseketsa pang'ono kuti mantha omwewo ndi amene anathandiza kuti mbiri ya maufumu akale ifufuzidwe mwakuya, popeza Kamuzu mwini wake ankaikonda nkhani ya Maravi. Zipani zambiri zitabwera, bungwe lofufuza la Jaji Mtegha linatsegula mu 1994 nkhani ya andale anayi amene anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983, ndipo zaka 30 zimene zinali zosakhudzika zinakhala poyera. Mpaka lero zakazo sizinafufuzidwe mokwanira.

Msampha woyamba wa wophunzira wa lero ndi mutu. Pafupifupi aliyense amabwera ndi mutu waukulu ngati phiri la Mulanje: "Zotsatira za utsamunda m'Malawi". Mphunzitsi wabwino amaudula mpaka utsale wokwana miyezi isanu ndi itatu ndi ndalama ya minibasi. Utsamunda uti, kuti, liti, kwa yani? Mapeto ake mutu umakhala wa mmene alimi a dera la mfumu imodzi anakanira malamulo a malimidwe m'zaka za m'ma 1950, kapena mmene midzi itatu ya ku Mzimba inasinthira amuna atasiya kupita ku migodi. Wophunzira amakhumudwa, amaona ngati am'chepetsa. Koma mutu waukulu umangomukakamiza kukopera zomwe ena analemba, pamene pa mutu waung'ono akhoza kudziwa zinthu zimene ngakhale mphunzitsi wakeyo sakuzidziwa.

Mutu ukapezeka, ulendo woyamba ndi wa ku National Archives ku Zomba, nyumba yosungira zolemba zakale za boma imene inayamba mu 1947. Umayang'ana nambala ya fayilo m'kaundula, kulemba pa kapepala, n'kudikira. Fayilo ikabwera imakhala yomanga ndi kachingwe, mapepala ake ofiirira, m'makona muli dzimbiri la mapini. Ena ndi otayipa, ena ndi olemba pamanja ndi bwana DC amene ankathamangira kukamwa tiyi, ndipo tsiku loyamba limatha ukulimbana ndi mzere umodzi. Kutsogolo kwa fayilo kumakhala timapepala pamene akuluakulu a boma ankayankhana mwachidule, aliyense n'kusaina ndi zilembo zoyamba za dzina lake. Nthawi zambiri m'timapepala timeneti ndi mmene muli zenizeni, chifukwa ankalemba momasuka podziwa kuti munthu wakuda sadzawerenga.

Fayilo ya boma imaona anthu monga momwe boma linkawaonera. Mlimi wamba amatchulidwa dzina pokhapokha akalakwa: sanakhome msonkho, wathawa pa esiteti, wakana kuunda mizere. Luso lili pa kuwerenga dandaulo la bwana n'kumvamo chimene anthu ankachita. DC akalemba mwezi ndi mwezi kuti anthu a dera lakuti ndi aulesi, safuna kukumba migula, wophunzira wochenjera amafunsa: aulesi bwanji anthu amene chaka chomwecho akolola chimanga chokwanira? Mwina si ulesi. Mwina ndi kukana, ndipo mwina a Nyasaland African Congress anali atadutsamo kale m'midzimo.

Ulendo wachiwiri ndi wa kumudzi, ndipo ku yunivesite kulibe phunziro limene lingamukonzekeretse munthu mokwanira. Sungangofika ndi foni yojambulira mawu. Umayambira kwa a nyakwawa, kuonetsa kalata ya ku koleji, kufotokoza kuti ndiwe mwana wa yani. Akakulozera kwa mkulu amene anapita ku Joni pa Wenela, umaodira, kukhala pansi, kupereka moni mpaka uthe. Ukati, "Gogo, ndimati mundiuzeko za ulendo wanu wa ku migodi," usadabwe akakuyankha kuti, "Mwana wanga, kodi ndalama zathu zija zatuluka?" Ambiri mwa amene anagwira ntchito ku migodi akhala akudikira ndalama zawo zaka zambirimbiri, ndipo mlendo aliyense wonyamula kope amaoneka ngati wolemba mayina. Ukapanda kulongosola bwino poyamba kuti ulibe chopereka, zonse zimene umve tsiku limenelo zikhala zokonzera kalembera.

Akuluakulu sawerenga zaka ndi manambala. Amati, "Ndinapita ndege ija isanagwe." Wophunzira ayenera kudziwa kuti akunena ndege ya Wenela imene inagwa ku Francistown, ku Botswana, mu Epulo 1974, n'kupha Amalawi oposa 70, zomwe zinachititsa Kamuzu kuimitsa ulendo wa ku migodi. Ena amawerengera pa njala ya 1949, pa Napolo wa ku Zomba wa 1946 kapena wa ku Phalombe wa 1991, pa Chitaganya, pa referendamu ya 1993. Njira yomangirira nkhani ya pakamwa ku chinthu chodziwika tsiku lake ndi yakale. Angoni ankasimba kuti tsiku limene mfumu yawo Zwangendaba ankawoloka Zambezi, cha ku Zumbo, dzuwa linada masana. Mmishonale W. A. Elmslie anaganiza kuti ndi kadamsana wa 1825. Ofufuza a pambuyo pake, atayerekeza ndi mawerengedwe a akatswiri a zakuthambo ndiponso ndi zochitika zina za ulendowo, anakhazikika pa wa mu Novembala 1835. Chikumbumtima cha agogo ndi masamu a zakuthambo zinakumana, chaka n'kupezeka.

Komabe mawu a pakamwa ali ndi zokhota zawo, monganso fayilo ya DC. Mbiri ya ufumu imene ukuuzidwa lero ikhoza kukhala ikukonzekera mlandu wa ufumu umene uli kwa a T/A mwezi wamawa. Mndandanda wa mafumu umafupikitsidwa, wolanda mpando amaiwalika dala. Jan Vansina, amene buku lake la 1961 linachititsa kuti mayunivesite ayambe kulemekeza mbiri ya pakamwa, analimbikira kwambiri pa mfundo yakuti ufunse anthu angapo, aliyense payekha, ndipo udziwe chimene aliyense angapindule ndi nkhani yakeyo. Ndiponso ufunse amayi. Ophunzira ambiri amabwerako ndi mayina khumi a madoda okhaokha, chifukwa ndi amene a nyakwawa anawaitana. Megan Vaughan, amene anaphunzitsapo ku Chancellor College, pofufuza njala ya 1949 m'boma la Blantyre anamvetsera nyimbo zimene amayi ankaimba posinja. M'malipoti a boma munali za mvula, za chimanga ndi za malo ogawira chakudya. M'nyimbo za pamtondo munali za amuna amene anapita kukasaka chakudya osabwerera, ndi mabanja amene anatha chaka chimenecho. Kufunsa amuna okha kukanabisa theka la njalayo.

Kulemba ndiko kumagwetsa ambiri. Munthu ali ndi makope atatu odzaza, mawu ojambula a maola ambiri, ndipo mtima umafuna kuthira zonse papepala kuti aphunzitsi aone kuti anavutika. Mphunzitsi amabweza chaputala choyamba chitafiira ndi inki, m'mbali atalemba funso limodzimodzi kangapo: ndiye ukuti chiyani? Kafukufuku wa honours amasiyana ndi lipoti pamenepa. Payenera kukhala mfundo imodzi imene wolemba akuikira kumbuyo, yoti wina akhoza kuitsutsa, ndipo chiganizo chilichonse chofunika chiyenera kusonyeza kumene chachokera: fayilo nambala yakuti, kapena kucheza ndi uje, m'mudzi wakuti, tsiku lakuti. Timawu ta m'munsi timeneti ophunzira amadana nato, koma ndito timalola munthu wina kupita ku Zomba kukatsegula fayilo yomweyo n'kunena kuti mwawerenga molakwa. Masiku ano kuli intaneti ndi mapulogalamu a kompyuta otha kulemba ndime zosalala pa mutu uliwonse, ndipo kukopera kwafewa. Apanso mutu waung'ono umathandiza, pakuti zimene gogo wa ku Euthini ananena Lachiwiri lapitali palibe makina amene akuzidziwa.

Pa semina wophunzira amakhala kutsogolo, anzake atawerenga kale pepala lake. Mafunso owawa kwambiri sachokera kwa aphunzitsi. Amachokera kwa mnzake wa dera lomwelo amene amati, "Achimwene, mfumu mwaitchulayo kwathu timaidziwa mwina," kapena wina amene waona kuti mboni zonse zisanu ndi za banja limodzi. Amene wadutsa pamenepa amatuluka ndi khalidwe limene limam'thandiza ngakhale atakakhala mphunzitsi wa sekondale, mtolankhani, loya kapena wogwira ntchito m'boma: akamva nkhani amayamba wafunsa kuti wanena ndani, ndipo analipo kodi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimaona kuti mayunivesite athu sanachikonze. Gogo amayankhula Chichewa, Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe, koma kafukufuku amalembedwa m'Chingerezi, ndipo womasulira ndi wophunzira yemweyo, usiku, akuthamangira tsiku lopereka. Mwambi umene gogo anaponya, kuseka kwake, pamene anakhala chete osafuna kutchula dzina, zonsezi zimasowa, n'kutsala chiganizo chimodzi chosalala. Mawu ojambulawo amakhala m'foni ya wophunzira mpaka foniyo itabedwa kapena kuwonongeka. Ofufuza a m'zaka za m'ma 1970 ena ankatayipa zokambirana zawo zonse n'kuzisiya mu laibulale, ndipo n'chifukwa chake lero tikhoza kuwerenga mawu a anthu amene anabadwa azungu asanakhazikike. Dipatimenti iliyonse ya mbiri ikanati izilandira kafukufuku pamodzi ndi mawu ojambulawo, ndi zolemba zake m'chilankhulo chimene anayankhulira, zikanatheka popanda ndalama zambiri: kompyuta imodzi, kaundula, ndi chilolezo cha amene anafunsidwawo. Amene anali achinyamata pa 3 Malichi 1959, tsiku limene boma la atsamunda linalengeza lamulo la zadzidzidzi n'kumanga Kamuzu ndi anzake, pano adutsa zaka 80. Amene anali a Payoniya pamene asilikali ankawalanda zida mu Disembala 1993 akadali ambiri, m'misika ndi m'midzi, ndipo ochuluka a iwo palibe anawafunsapo kanthu.